Kiyi wa Kumathithi

"Mtsinje uwu ukuyenda chifukwa cha ine," Zakaria ankauza akabaza pasiteji. "Nditachoka kuno, sabata imodzi waphwa."

Dinala, yemwe ankadikira njinga ali ndi dengu la tomato, adangoyang'ana pansi. Mtsinje wa Namasimba udayamba kutsika m'phirimo Zakaria asadamere mano, ndipo sudafunsepo za iye. Woudziwa anali Dinalayo. Komiti ya madzi idamusungitsa kiyi wa mpanda wa kumathithi, komwe kumayambira paipi ya midzi inayi, ndipo Loweruka lililonse ankakwera kukatsuka sefa. M'kati mwa mpandawo simusamba munthu, kaya ndi bwana wotani.

Zakaria ankaperekeza alendo a m'mahotela a ku Makokola kukaona nkhalango. Anali ndi baji pachifuwa, ndipo ankayipukuta kuposa nkhope. Tsikulo adanyamulira Dinala dengu mtunda wa mapazi asanu, nkupempha nambala.

Mameseji adayamba kugwa ngati mango a mu Disembala.

"Duwa langa, wadya? Ine chakudya sichikulowa."

"Chikondwerero cha Idi chikangodutsa ndikutumiza amalume kwanu. Ndalumbira."

Chakudya chinkalowa ndithu, Dinala ankamuona pachiwaya cha chipisi. Koma ndani adauzapo mtima zoona nkumva?

Loweruka lina adakwera limodzi. Kunsi kwa mpanda ana asukulu ankadumphira m'dziwe la aliyense. M'kati munali zii, mibawa itaphimba dzuwa, madzi akugwa pathanthwe, oyera moti mchenga wapansi unkaoneka ngati uli m'mbale.

"Wapamtima, undibwereke kiyi tsiku limodzi," adatero Zakaria. "Ndikufuna ndisankhe pomwe tidzajambulitse tsiku la ukwati."

Dinala adampatsa kiyiyo Lachitatu.

Lachisanu, abambo akusukusula kuti akaswali, mpopi wa pamzikiti udatulutsa thovu lonunkhira. Shehe Yunus adalavula katatu. Komiti idatseka madzi, amayi a midzi yonse inayi nkuyamba kulondola mjigo wa madzi amchere, uku akutchula dzina la Dinala panjira yonse.

Dinalayo adathamangira kuphiri. Chipata adachipeza chili pululu. Pathanthwe panali kapepala ka sopo wa kuhotela, ndipo pasefa padakodwa chingwe cha meshi wofiira. Dinala adaluka liti meshi, iye wa mpango kumutu? Dera lonselo mutu wofiira unali umodzi, wa Angel wolandira alendo kuhotela ina, amene Zakaria ankati ndi msuweni wake.

Dinala adakhala pamwala mpaka miyendo idachita dzanzi. Foni idalira, meseji ya Zakaria.

"Bebi, usanditchule, angandilande baji. Ungonena kuti udayiwala kutseka. Chikondi nkupirira."

Msonkhano udachitika Lamlungu pabwalo la sukulu. Zakaria adakhala pampando wakutsogolo popanda womuitana, ndipo ndiye adayamba kuimirira.

"Makolo anga, mtsinje uwu ndi moyo wathu. Timamwa, timathirira dimba, alendo amatiombera m'manja. Munthu wosasamala, ngakhale akhale m'bale wanga, achotsedwe."

Anthu adaomba m'manja. Mayi Halima, apampando a komiti, adatembenukira kwa Dinala.

"Mwanawe, tidakukhulupirira. Bweretsa kiyi."

Dinala adaimirira. Mawu ake adatuluka owongoka.

"Ndibweretsa, amayi. A Zakaria, mundipatse kiyi wanga."

Zakaria adaseka pang'ono, nayang'ana kumbuyo ngati pali Zakaria wina.

"Achemwali, mwina mwasokoneza."

"Thumba lakumanzere. Kapena ndiwerenge meseji ya dzana, a Shehe amve nawo?"

Dzanja la Zakaria lidalowa m'thumba pang'onopang'ono, ngati muli nkhanira. Kiyi adatuluka. Dinala adalandira, kenako adamasula nsonga ya chitenje chake nkuyika chingwe chofiira chija m'dzanja lomwelo.

"Mukawabwezere asuweni anu. Meshi wakwera mtengo masiku ano."

Wina kumbuyo adatsokomola mosayenera. Zakaria adatsala chiimire, tsitsi la mwini lili m'manja, baji ikuwala.

Dinala adagwada pamaso pa mayi Halima napereka kiyi ndi manja awiri.

"Sadandibere, amayi. Ndidapereka ndekha."

Mayi Halima adalandira. Kenako adamangirira kiyiyo pampango wawo, nafunsa bwalo ngati pali wina wodziwa kutsuka sefa.