Kamunthu ka Diresi Lakuda

Dzuwa litapendeka, Loredana anali pansi pa nyumba ya amayi ake akuanula zovala. Nyumba za kwathu kuno, pakati pa minda ya nzimbe kumpoto kwa Queensland, zimakhala pa mizati chifukwa cha madzi osefukira, ndipo mzati uliwonse uli ndi kachipewa ka lata kotchinga chiswe. Pamwamba pa mutu wake mpando wogwedezeka wa amayi akewo, a Nives, unkalira pa matabwa, kwii, kwii, monga unalirira zaka makumi atatu. Zaka zonsezo mayiwo sanapondepo dothi. Ankati ndi miyendo, ndipo anansi tinkangovomera, poti chifukwa chenicheni tinkaopa kuchitchula.

Loredana anali wachifundo, ndipo chifundo chakecho ndi chimene chinatipweteka. Ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Anaganiza zokweza nyumbayo, kuchotsa mizati yakale ndi kumanga chipinda pansi, kuti amayi ake azitha kutuluka n'kukaothera dzuwa pa kapinga. Madzulo omwewo anajambula nyumba yonse, naikweza, nafufuta tizipewa ta malata tonse. Pulogalamu yakeyo ili ndi kamunthu koyesera kutalika kwa zitseko. Anakaveka diresi lakuda ngati la amayi ake, nakaimika pansi, m'chipinda chatsopanocho.

Atawaonetsa, a Nives anamwetulira mpaka usinini kuonekera.

"Kasiye pomwepo, mwana wanga," anatero.

Patapita masiku awiri, anansi athu a Gildo anapezeka atafa m'munda mwawo dzuwa likuswa mtengo, atagona chagada, m'kamwa mutadzaza dothi. Adokotala anati ndi mtima. Mlungu wotsatira anali anansi enanso, a Primo, pambali pa thirakitala yawo, injini ikulirabe, m'kamwa dothi lomwelo. Agalu anayamba kulambalala nyumba ya a Nives mchira uli pakati pa miyendo, ndipo achule a mu ngalande yapamenepo anangoti zii.

Pamaliro anthu ananong'onezana zimene akuluakulu ankazidziwa kale. Malemu a Ettore, bambo ake a Loredana, sanakhomere malata aja chiswe chokha. Ana awiri a anansi atafa mwezi umodzi, anthu n'kumaloza chala a Nives, bamboyo anapita kwa munthu wina wodziwa, nabwera ndi timapaketi ta mankhwala toika pansi pa chipewa chilichonse, kuti mkazi wawo asadzatsikenso. Owathandiza kukhoma anali atatu: a Gildo, a Primo, ndi Fulvio, amene panthawiyo anali mnyamata koma tsopano ndi mwamuna wa Loredana.

Nkhaniyo itamufika, Loredana anapsa mtima. Anati ndi miseche ya anthu osowa chochita, chifukwa nyumbayo palibe anali ataikhudza, zonse zinali pa kompyuta basi. Koma Loweruka masana, posambitsa amayi ake, anapeza matope aawisi pakati pa zala zakumapazi, ndi kachidutswa ka tsamba la nzimbe. Chipinda chonse chinkanunkha dothi lonyowa.

"Amayi, matopewa achokera kuti?"

"Si iwe unanditsitsa?" anayankha a Nives mofatsa. "Fulvio ali kumunda uti lero?"

Loredana anasiya beseni, nathamangira pa kompyuta. Kamunthu kaja sikanali m'chipinda chimene anakasiya. Kanali panja, m'mphepete mwa pulaniyo, katayang'ana njira yopita kumunda kwa Fulvio, ndipo iye akuona choncho kanasuntha. Anayesa kukakokera m'nyumba, kanakana. Anaimbira Fulvio foni, inangoitana mpaka kuduka. Kuchipinda mpando unali ukulira mofulumira tsopano, ngati mapazi a munthu wothamanga.

Amayi akewo ankawakonda, ndikunena zoona. Ndiwo anamuphunzitsa kusoka, ndiwo ankamuluka tsitsi pakhonde. Analira mpaka mamina. Kenako anasankha kamunthuko, nadina batani lofufutira. Mpando unaleka kulira.

Fulvio anabwera madzulo akuimba mluzu, ali ndi njala. Anapeza mkazi wake atakhala pansi pafupi ndi mpandowo, atagwira dzanja lozizira la amayi ake.

A Nives tinawaika m'manda Lachiwiri, ndipo mudzi unapuma. Loredana sanauze munthu chimene anachita, ngakhale mwamuna wake. Kompyuta ija sanaizimitse n'komwe, anangoifunditsa nsalu, chifukwa ankaopa kuiyandikira. Apa ndi pamene ndimamuimba mlandu: akanangotsegula pakamwa.

Tsiku lina masana, pochokera kogula ndiwo, anapeza Fulvio atakhala pa tebulo, nsalu ija ili pansi. Munthu wabwino mtima, ankafuna kusangalatsa mkazi wake wofedwa.

"Ndimati tiimangebe nyumbayi, ikhale chikumbutso cha apongozi," anatero. "Koma kamunthu kaja unakafufuta molakwitsa, eti? Usadandaule, ndadina pobwezera. Kabwerera."

Thumba la ndiwo linagwa m'manja mwa Loredana. Pa kompyuta kamunthu ka diresi lakuda sikanali pansi. Kanali kataima pamwamba, m'chipinda chodyera momwe iwo analimo, kumbuyo kwenikweni kwa tebulo. Kuchipinda chopanda munthu mpando unayamba kulira, kwii, kwii.

Fulvio anatsokomola, nalavulira m'dzanja. Anayang'anitsitsa, kenako anatambasulira mkazi wake chikhathocho ali wodabwa, kumufunsa kuti dothilo lachokera kuti.