Zimene Anasiya M'makina a Eni

Bambo wina wolemba mapulogalamu a kompyuta ankakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa shopu ya matayala, pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi. Luso anali nalo, koma luso sadya. Pulogalamu yake yosungira mafayilo inkaikidwa m'makina a kampani momwemo: wagula kamodzi, yakhala yako. Mabwana ankangopukusa mitu.

"Achimwene, ndani masiku ano akufuna chimakina chotentha mu ofesi? Anzanu amatisungira zonse pa intaneti, ife n'kumangolipira pamwezi."

Wogulitsa zapamwezizo anali mnzake amene ankamukopera mayeso kusukulu, ndipo anali atamanga kale nyumba yosanja. Nsanje itamudya bamboyo, anakwera masitepe kupita kwa sing'anga wina wovala jekete, amene ankaonera anthu pamwamba pa sitolo ya mafoni.

"Njira zilipo ziwiri," anatero sing'angayo. "Muzibwera mwezi ndi mwezi ndizikutemani mphini imodzi. Apo ayi, muzipereka kamodzi n'kamodzi."

"Zapamwezi ndi zimene zandisaukitsa ine. Kamodzi basi."

Sing'anga anamwetulira. "Ndiye makina alionse amene muikemo pulogalamu, muzisiyamo chimodzi mwa zimene mumakumbukira. Chizikhala momwemo. Chogulitsa sichibwerera."

"Ndizisankha ndekha chosiyacho?"

"Ayi bambo, sizitero."

Bamboyo anaganiza za njala ndi manyazi onse amene anadutsamo, n'kuona kuti kuiwala si chilango. Anavomera.

Sabata isanathe makampani anayamba kumuimbira okha. Pulogalamu yake sinkazima, sinkasokoneza, ndipo anthu ankati imachita ngati ili ndi mutu. Atagulitsa yoyamba anaiwala dzina la mphunzitsi wake wakale, n'kuseka. Yachisanu inatenga nkhope ya malemu mayi ake. Koma njala ndi manyazi aja sanachoke, ankazikumbukira bwinobwino.

Anasamukira m'nyumba ya mpanda. Tsiku lina mkazi wake, ali chigonere ndi matenda, anamugwira dzanja.

"Abambo ake mwana, siyani kugulitsa. Dzulo mwandipatsa moni ngati mlendo."

"Yotsala ndi imodzi yokha, ya kampani yaikulu," anayankha, akuyang'ana foni.

Anaiika Lachinayi. Loweruka mkaziyo anamwalira. Pamaliro bamboyo anakhala pampando wapulasitiki maso ali gwa, kenako anafunsa mlamu wake monong'ona kuti, "Pepani, kodi watisiya ndani?" Anthu anati wapha mkazi kuti akhwime. Chisoni chake n'chakuti sanaphe munthu, anangomugulitsa m'mutu mwake.

Ataona chithunzi cha ukwati pakhoma, anazindikira kukula kwa chimene wataya. Anathamangira ku kampani ija, n'kugwada pakhomo la chipinda chozizira cha makina, kupempha kuti angoika khutu pa makina amene anatenga zonse zimene ankakumbukira za mkazi wake.

"Bwana, munagulitsa," anatero woyang'anira makinawo. "Zam'katimu ndi zathu, wakunja salowa."

Lero amangokhala pakhonde la nyumba yake yaikulu ija. Mwana wake amabwera kudzamumeta ndevu ndi kumudyetsa. Akamaliza, bamboyo amamuyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo mayi. Makolo anu anakulerani bwino." Mtsikanayo amakalirira kubafa.

Anthuni, chuma chamankhwala sichibwera chaulere, ndipo sichitenga zimene mwatopa nazo. Chimatenga zimene mumakonda. Kuli bwino kusauka ukudziwa amene akukugwira dzanja.