Ulusi wa Mawigi pa Mabuku a Madamu

Katoni ya mabuku inasowa Lachitatu masana, m'nyumba ya Dokotala Lisa Arendse ku Constantia, dera la anthu olemera. Munali mabuku khumi ndi awiri. Mayiwa amaphunzitsa za kaganizidwe ka anthu opalamula milandu ndi za matenda a maganizo, ndipo Januwale aliyense ankasankha mabuku oti ophunzira ndi aphunzitsi anzawo awerenge. Ambiri anali akale, osapezekanso m'sitolo.

Tsikulo m'nyumbamo munali anthu awiri okha: Ellina, wantchito wawo wochokera ku Ntcheu, ndi Bizwick, mnzake wakumudzi amene Ellina anamupezera ganyu yotsuka mawindo.

Sajeni Dyani wa kupolisi anakasecha kwa Bizwick. Sanapeze kanthu.

"Ine mabuku? Ndidye?" anatero Bizwick.

Maso onse anatembenukira kwa Ellina.

"Upume kaye mpaka nkhaniyi ithe," anatero madamu, osamuyang'ana kumaso.

Zinamupweteka kwambiri Ellina. Zaka zisanu ndi zinayi osasowetsa ngakhale supuni, lero n'kumutcha wakuba wa zinthu zoti sangagulitse n'komwe ku Joe Slovo, komboni kumene ankakhala.

Patadutsa milungu itatu, pagulu la WhatsApp la Amalawi panabwera chithunzi. "Dr. B, katswiri wa maganizo. Nkhawa, banja, kusowa tulo." Dokotalayo anali atavala jasi yoyera ndi magalasi, koma makutu anali a Bizwick. Kumbuyo kwake kunali shelefu.

Ellina anakulitsa chithunzicho, n'kuseka yekha. Mabuku atatu anali osokedwa kumsana ndi ulusi wakuda wa mawigi. Amene anawasoka atathothoka ndi Ellina yemweyo, chifukwa Loweruka lililonse amaluka anthu tsitsi ndipo singano yokhota sichoka m'chikwama chake.

Anaimbira Sajeni Dyani.

Loweruka 10 koloko m'mawa anafika pa kontena yopakidwa buluu, kuseri kwa renki ya mateksi ku Joe Slovo. Panja panali amayi asanu pabenchi, kudikira dokotala. Ellina analowa yekha, sajeni ndi madamu atatsala m'galimoto.

"Next," anatero Bizwick, maso ali pa buku limene anatsegula pakati kuti aoneke wotanganidwa.

"Muli bwanji adokotala? Ine vuto langa ndi tulo. Chichotsedwereni ntchito sindigona."

Bizwick anadzutsa mutu. Magalasi anatsetserekera pamphuno.

"Asisi, tikambirane. Ndimafuna kubweza, serious."

"Munawerengako?"

"Loyambalo. Chizungu chake n'cholimba."

"Ndiye anthuwa mumawauza chiyani?"

"Ndimangomvetsera. Akalira amapepukidwa."

Sajeni Dyani analowa ndi unyolo. Sanavutike kupeza umboni. Mndandanda wa mabuku umene unali m'katoni muja, wolembedwa ndi dzanja la madamu, Bizwick anali ataupachika pakhoma mufelemu ngati satifiketi. Munthu wakuba amabisa, koma uyu anachita kupukuta fumbi.

"Dzina la yunivesite yanu?" anafunsa sajeni.

"Sindinamalize, bwana."

"Fomu chani?"

"Thu."

Anamutulutsa jasi ili m'thupi. Amayi a pabenchi anaimirira, wina n'kudandaula kuti iye anali wotsatira pamzere.

Dokotala Arendse anagwira mabuku awo limodzilimodzi. Onse analipo. Kenaka anayang'ana benchi ija nthawi yaitali, n'kufunsa Ellina ngati amayiwo angalole kulankhula ndi ophunzira ake a chaka chomaliza, kwaulere, patapezeka womasulira.

"Womasulira alipo," anatero Ellina, "koma pakali pano ali pa holide yokakamiza."

Madamu anafiira nkhope. Anaima pakati pa fumbi la Joe Slovo, anthu akuonerera, n'kunena mawu amodzi a Chichewa amene anali asanawagwiritsepo ntchito.

"Pepani."

Mtima wa Ellina unakhala pansi. Anamva kaye kukoma kwake, kenaka n'kuyankha.

"Ndamva. Ndibwera Lolemba."

Lolembalo anadzuka mosathamanga, anamwa tiyi wake atakhala pansi, nakwera teksi yachitatu. Anafika ku Constantia 10 koloko, ndipo palibe anamufunsa nthawi.