Tsiku Limene Firiji ya Nagat Inauluka

Ndikulumbira pali ndevu zangazi, ndipo ngati muli bodza m'mawu angawa, mano atatu amene anditsalirawa agwere m'tiyi. Ine amene ndameta mitu yonse ya mu Tanta muno, ina kawiri pa tsiku, ndinamizirenji anthu pa ukalamba uno?

Mumsewu wathu munalibe banja labwino kuposa la a Shawqi. Bambowo ankasita zovala za anthu, ndipo nsimbi yawo inali yolemera moti amuna anayi ankalephera kuisuntha. Chibadwire sanakongolepo ngakhale mchere. Ana anali awiri: Medhat, mnyamata wophunzira, ndi mlongo wake Nagat, amene anali atatomeredwa ndi telala wina dzina lake Fikri.

Medhat atangoyamba ntchito m'sitolo ya mafoni, a ku banki anamupatsa khadi la ngongole. Anathamanga kukalionetsa kwa bambo ake.

"Ukagula chinthu, walipira ndani?" anafunsa a Shawqi.

"Banki, Ababa. Ine ndimabweza mwezi ukatha."

"Ndiye kuti nyemba za mawa ukudya lero. Mawalo likafika udzatafuna mbale?"

"Zimenezo n'zakale, Ababa."

"Mwana wanga, ndalama yosalemera m'thumba siipweteka pochoka. Imapweteka mwini wake akaima pakhomo."

Koma kuntchito kunali mnzake Tharwat, wa pakamwa pa uchi. "Bwana wamkulu, munthu wa khadi n'kumadya koshari, mpunga wa amphawi uja, choimirira pamsewu? Tiye tikadye nkhunda zootcha." Medhat analipira. Mawa lake nsapato, mkuja mafuta onunkhira, kenaka tebulo lonse la anzake amene dzulo sankamudziwa dzina. Mwezi ukatha ankangoponyako kochepa kamene banki imalola, chiwongoladzanja n'kumaswana ngati makoswe.

Posakhalitsa kochepako nakonso kanamukanika, ndipo foni inayamba kulira, a ku banki akulonjerera ngongole. Ikalira, mtima wa Medhat unkagunda moti ine ndinkaumva ndili mometeramo, nyumba zisanu pakati pathu. Anaonda mpaka lamba ankamuzungulira kawiri. Munthu akagogoda pachitseko, ankathawira kuchipinda.

Tsono mayi ake anali m'chipeleganyu cha amayi khumi ndi awiri a mumsewu wathu. Chaka chathunthu anadya nyemba zopanda mafuta kuti asadumphe mwezi, ndipo anapempha kulandira komalizira kuti ndalama zikumane ndi ukwati wa Nagat. Atalandira, anaika mtolo wonse m'manja mwa Medhat.

"Iwe ndiye umadziwa masitolo. Ukagule firiji, chitofu ndi makina ochapira. Usankhe zazikulu, apongozi a mlongo wako ali ndi maso a mphamba."

Medhat anauza Tharwat za ndalamazo.

"Aise, sukulu yonse ija unangokadyako choko?" anatero Tharwat. "Ndalamazi kabweze ku banki. Khadi likapepuka, ukagule katunduyo ndi khadi lomwelo. Aone ndani?"

Medhat anachitadi zimenezo. Kutacha anapita kusitolo, nasankha firiji yaitali kuposa iye. Kamakina kanakana khadi kamodzi, kawiri, katatu. Ataimba ku banki, mtsikana wa mawu ofatsa anati, "Pepani bambo, munachedwetsa kubweza miyezi isanu, choncho khadi talitseka. Komanso pali zotsala zoti mumalize."

Anathamangira kwa Tharwat. "Ine ndinangopereka maganizo," anatero mnzakeyo, maso ali pa foni.

Madzulo ake a Shawqi anamuyang'anitsitsa. "Medhat, nkhope yako yakwinyika ngati malaya osasita. Chavuta n'chiyani?"

Apa ndi pamene akanaulula. Koma anati, "Palibe, Ababa, n'kutopa chabe."

Mukudziwa inu nomwe kuti katundu wa mkwatibwi sapita kwa mwamuna mozemba. Amakwera lole yosafunda, ng'oma kutsogolo, nthungululu kumbuyo, kuti msewu wonse uwerenge. Medhat anauza mayi ake kuti katundu akusungidwa kusitolo ndipo adzabwera naye yekha pa tsikulo. Kenaka anakapempha makatoni atatu opanda kanthu kuseri kwa sitolo, nawamata bwinobwino, n'kuwamanga maliboni ofiira. Mumtima ankati akangolowa m'nyumba ya mkwati, nzeru ina idzapezeka.

Tsiku linafika. Lole inadzaza matiresi, mapoto ndi zofunda, makatoni aja atatalika pakati. Medhat anakhala kumbuyo atakumbatira katoni ya firiji, thukuta likuchucha mpaka kunyowetsa matiresi awiri. Ana akafuna kukwera, ankawathamangitsa ngati galu wolusa. Amayi ake ankayenda pambali, akuuza aliyense mtengo wa firijiyo.

Atafika pangodya ya mzikiti, pamene mayi a Fikri anaima ndi abale awo kudikira, lole inagunda dzenje. Medhat anagwera m'mapoto. Mphepo inalowa pansi pa katoni, firiji n'kunyamuka. Ndinaiona ndi maso angawa: inapitirira nsanja ya mzikiti, inazungulira katatu limodzi ndi nkhunda, n'kudzatera pamapazi pa mayi a Fikri, phee, ngati nthenga.

Nthungululu zinaduka. Mayiwo anakankha katoniyo ndi chala cha kuphazi, katoni n'kugubuduka.

"Mayi a Medhat," anatero, "firiji yanuyi ndi ya makono ndithu. Imasunga mphepo yokhayokha?"

Nagat sanalire. Anayang'ana mlongo wake m'mwamba mwa lolemo nafunsa motsitsa, "Achimwene, chitofu nachonso chiuluka?"

Lole inabwerera momwe inadzera, yopanda ng'oma.

Kunyumba Medhat anagwada, naulula zonse kuyambira pa nkhunda zootcha. A Shawqi sanamumenye. Anatenga khadi lija, naliika patebulo, n'kulitsikiza ndi nsimbi yamoto mpaka linasungunuka. M'mawa anamuperekeza ku banki, nakagwirizana zobweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Kuyambira pamenepo, akaweruka kusitolo Medhat ankaima pambali pa bambo ake kusita malaya a anthu. Zinamutengera zaka ziwiri kumaliza ngongole, ndi chaka china kugula firiji ndi ndalama zogwirika m'manja. Koma pofika nthawiyo Fikri anali atakwatira wina. Firijiyo ili m'nyumba mwa a Shawqi mpaka lero, ndipo Nagat samwa madzi ake.

Ana inu, mverani. Musadye lero chimene simunachigwirire ntchito, ndipo ngongole ikakupanani, ululani msanga kwa makolo anu. Ngongole Medhat anaibweza, koma chimene bodza lake linalanda mlongo wake palibe banki yokachibwezako.

Dzana mphunzitsi wina, ndili pakati pomumeta, anati katoni singapitirire nsanja ya mzikiti. Zamkutu. Nsanjayo ikadali pomwepo, osakhulupirira apite akaione.