Ntchefu Yopanda Ziboda

Nkhaniyi si yopeka ayi. Amene anaiona ndi maso alipo, ndipo sali kutali. A Blessmore, amene ankayendetsa galimoto ya alendo, masiku ano amagulitsa matayala pa Glendale, ndipo mukawagulira chozizira akufotokozerani mpaka dzuwa kupendeka. Kingston, mlonda wa nyama, alipo naye, koma iyeyo musamufunse. Amangoyang'ana kumbali n'kuyamba kukamba za mvula. Ine ndinaimva kwa mwini wake, Anesi, tsiku lina tikudikira basi pa Concession.

Anesi anali wophika pa chigalimoto cha alendo odzaona nyama, zija zazitali zokwera ndi makwerero achitsulo, zimene zimanyamula azungu ndi matenti awo kuchoka ku Victoria Falls mpaka ku Tanzania. Ntchito yake inali kudyetsa anthu amene anasiya mabedi abwinobwino kwawo kudzagona pansi m'tchire, kupalasa timabwato pakati pa mvuu, ndi kujambula chilichonse choyenda, mpaka ndowe za njovu zimene siziyenda n'komwe. Ankawakonda ndithu. Ankati mzungu wanjala ndi mwana, ukamupatsa tiyi wotentha amakuuza ndi za agogo ake zomwe.

Koma panali malo amodzi pa ulendowu pamene Anesi ankaiwala za alendo. Galimoto ikatuluka mu Mozambique kulowa m'Malawi pa Dedza, iye ankatsamira pawindo n'kumayang'ana mapiri mtima ukumuwawa. Kumeneko n'kwawo kwa bambo ake, a Laxon.

A Laxon anachoka ku Dedza asanamere ndevu, n'kudzathera pa pulazi ya fodya kufupi ndi Centenary, ku Zimbabwe. Anakalambira m'mabalani, nyumba zazitali zanjerwa zowotcheramo fodya, mpaka zovala zawo zinkanunkha fodya ngakhale zitachapidwa ndi sopo. Makina opanira mabelo anawadula chala chimodzi, komabe m'komboni yonse ya antchito panalibe woimba ng'oma ya gule wamkulu kuposa iwo. Chaka chilichonse ankati, "Tikangokolola uyu, tipita kumudzi." Fodya ankakololedwa, ulendo osachitika. Anesi akafunsa kuti mudziwo uli pati, ankangoseka.

"Kuseri kwa phiri, mwanawe. Ndidzakusonyeza ndekha."

Sanamusonyeze. Chaka chimene mapulazi anagawidwa, anthu a m'komboni anamwazikana ngati nkhanga, ndipo a Laxon anamwalira anzawo onse a gule atapita. Anaikidwa mofulumira ndi anthu owerengeka, opanda ng'oma. Munthu amene anaperekeza akufa a komboni yonse anapita chete ngati mlendo wongodutsa.

Kwa ife Achewa zimenezi si zazing'ono. Munthu wa gule akamwalira, kasiyamaliro amayenera kubwera. Ichi ndi chilombo chachikulu chokhala ngati ntchefu, cha makoko a chimanga thupi lonse, chimene chimaperekeza mzimu pa ulendo wake. Ndipo chilombocho sichiyenda chokha. Chimadikira amayi aimbe ndi kuwomba m'manja. Anesi ankadziwa zonsezi, pakuti ali mtsikana ankaimba nawo pabwalo. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti iye ankapondapo dziko la bambo ake mwezi ndi mwezi, eni ake ali gone okhaokha m'tchire la eni. Anayesapo kutchula dzina la mudziwo pa msika wa Dedza, koma palibe amene analizindikira. Midzi inasintha mafumu, mayina akale anapita ndi eni ake.

Ndiye mwezi wina wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, abwana a kampani anawonjezera malo atsopano pa ulendo, kuti alendo akakwere mahatchi ndi kuyenda wapansi m'munsi mwa mapiri a Mavuradonha. Anadutsa Mazowe, anadutsa Glendale. Atapitirira Centenary, a Blessmore anakhotera mu msewu wafumbi, mlonda anatsegula geti la mpanda wamagetsi, ndipo Anesi anaona mabalani aja ali ndondondo, opanda madenga. Mwini watsopano anali atasandutsa pulazi yonse kukhala malo osungira nyama.

"Sisi Anesi, mwadwala?" anafunsa a Blessmore. Iwo ndi Mshona, koma anakulira pakati pa ana a m'komboni.

"Ayi, mukoma," anayankha Anesi, powatchula achimwene mu Chishona. "Sindinadwale. Pano ndi pathu."

A Blessmore anangotsika n'kuyamba kutsitsa matenti.

Dzuwa litapendeka, Kingston anatenga mfuti yake n'kutsogolera alendo kukaona mbidzi ndi nswala. Anesi anateleka nyama pamakala, anapempha a Blessmore kuti azivundula, iye n'kulowera kuseri kwa mabalani. Sankafuna kulowa m'manda, pakuti mkazi salowamo yekha. Ankangofuna kuima pambali n'kunena kuti, ababa, ndabwera.

Komboni inali itatha. Panangotsala mitengo ya mango ndi timilu ta dothi pamene panali nyumba. Anazindikira pakhomo pawo chifukwa cha mwala umene amayi ake ankanolerapo mpeni. Anaima pamenepo kanthawi, misozi ikudzigwera yokha.

Kenaka anamva fungo la fodya.

Silinali la ndudu ayi. Linali lija lonunkhira ngati uchi, la fodya wongotuluka m'balani. Koma mabalaniwo anazima moto kalekale, m'kati mwake munamera mitengo.

Nyenje zinasiya kulira. Njiwa nazonso zinati zii.

Atazungulira chulu chachikulu anapeza alendo onse atanyonyomala, makamera ali m'mwamba. Kingston anamukodola kuti akhale pansi.

"Mhofu," ananong'ona mu Chishona chake. "Ntchefu, sisi. Yaikulu zedi." Anapukusa mutu. "Koma muno tilibe ntchefu. Olo imodzi."

Inali itaima pamphepete pa msitu wa kumanda, pamene kuwala kofiira kwa madzulo kunkathera. Msana wautali wopindika. Mutu m'mwamba, mchira m'mwamba. Siinkadya udzu. Siinkagwedeza makutu. Ntchentche sizinkaiyandikira. Kamphepo kataomba, thupi lake lonse linachita tswatswatswa.

Anesi anaudziwa mkokomo umenewo.

Chinthucho chinatembenuka pang'onopang'ono. Chinasiya azungu, chinasiya mfuti, chinapenya iye. Chinasuntha pang'ono n'kuima. Chinasunthanso n'kuima.

Kingston anatchera mfuti.

"Musaombe, mukoma," anatero Anesi.

"Ndi chigure ichi," anatero Kingston. Ndi mmene Ashona amatchulira gule, ndipo amamuopa kwabasi. "Chalowera pati? Mpanda uli ndi magetsi. Kuno kulibe munthu wovina."

"Ndikudziwa."

"Nanga chikufuna chiyani?"

Anesi anali atazindikira kale. Chilombocho sichinabwere kudzaopseza munthu. Chinabwera kuntchito yake, mochedwa, ndipo sichikanatha kuyenda. Chinkadikira nyimbo. Zaka zonsezi chinali kudikira mkazi wa m'komboni ija, ndipo amene anatsala ndi iye yekha.

Mantha anamugwira, koma osati a chilombocho. Anachita mantha kuti waiwala. Pakamwa pake panali patazolowera nyimbo za kwaya, za pabwalo zija anazisiya ali mtsikana. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Dzuwa linali likulowa, ndipo mawa m'mamawa galimoto inyamuka. Akalephera lero, bambo ake atsalanso.

Anaimirira. Anavula nsapato. Anawomba m'manja kamodzi, kawiri, ndipo manja anakumbukira zimene mutu unaiwala. Mawu anatsatira, aang'ono, onjenjemera:

"Nyamuka mlendo, nyamuka,
fodya watha, balani lazima,
kwanu akusesa pakhomo."

Anabwereza. Pa ulendo wachitatu, manja ena anamuyankha.

Ankachokera kumbuyo, ku mitengo ya mango ija. Manja ambiri. Kenaka mawu a amayi, otsika, ngati akuimbira kuseri kwa khoma. Anesi sanacheuke. Kingston anacheuka, ndipo n'chifukwa chake safuna kufunsidwa.

Ng'oma inayamba.

Inali imodzi yokha, yochokera m'kati mwa manda. Ndipo inkalumpha pamalo amodzi, kalumphidwe kamene kamachitika dzanja likasowa chala chimodzi.

"Ababa," anatero Anesi pakati pa nyimbo.

Chilombo chinanyamuka. Chinadutsa pafupi ndi chulu chikuyenda monyang'wa, uku ndi uku, fumbi likutuluka pansi pake. Alendo anatsitsa makamera okha popanda wowauza. Mayi wina wachikulire wa ku Holland anayamba kuwomba nawo m'manja, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa n'komwe chimene akulirira. Anesi anayenda pambali pa chilombocho akuimba, kudutsa pakhomo pawo pakale, kudutsa mabalani, mpaka pamene panaima galimoto.

A Blessmore amati iwo anangoona chipande chagwera pamoto, osadziwa kuti chawapulumuka liti. Chilombo chinafika pa makwerero a galimoto n'kugwada. Ng'oma inaleka.

Makwerero analira. Kwee. Kwee. Kwee. Chitsulo chilichonse chinkapindika pang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Panalibe munthu.

Kenaka chilombocho chinadzuka, chinatembenuka, chinalowa m'chisisira kuseri kwa mabalani. Nyenje zinayambiranso kulira ngati palibe chachitika.

Madzulo amenewo nyama inapserera, koma palibe anadandaula. Alendo atayang'ana zithunzi zawo anapeza Anesi yekha, wopanda nsapato, akuwomba m'manja pambali pa fumbi. M'mawa Kingston analondola njira yonse kuchokera kumanda. Sanapeze chiboda ngakhale chimodzi. Anangotola makoko a chimanga, ouma bwino, pa pulazi imene khasu linasiya kugwira kalekale.

Ulendo unapitirira. Anesi anasiya kukhala kutsogolo ndi a Blessmore, anasamukira kumbuyo kwa alendo, pafupi ndi mpando wa pawindo umene unalibe munthu. Alendo ena anayamba kufunsana kuti akusuta mobisa ndani, chifukwa fungo la fodya silinkachoka. M'mawa uliwonse Anesi ankaika kapu ya tiyi wa shuga wambiri pansi pa mpandowo. Sananene kuti tiyiyo ankamwedwa, ndipo ine sindiwonjezera zimene sanandiuze.

Wakufa sawoloka madzi osauzidwa, amatsalira kutsidya. Choncho pa mtsinje uliwonse Anesi ankawerama n'kunong'ona.

"Ababa, uyu ndi Mazowe. Tikuwoloka."

Pa Nyamapanda anawauza kuti Zimbabwe yathera pano. Pa Tete anati, "Ababa, Zambezi uja ndi ameneyu. Munawoloka pa bwato inu, lero pali mlatho. Gwirani zolimba." A Blessmore sanauzidwe kanthu, koma pa mlatho uliwonse ankachepetsa liwiro mpaka magalimoto akumbuyo kuwaimbira mahutala.

Analowa m'Malawi masana, dzuwa lili pamutu. M'magalimoto amenewa muli batani limene mlendo amadina akafuna kudzithandiza, belu n'kulira kwa dalaivala. Atayenda pang'ono kuchoka pa chipata cha Dedza, Anesi anaona batanilo likulowa m'kati lokha. Belu linalira nthawi yaitali.

A Blessmore anaimitsa. Anatsika, anazungulira, anasuzumira m'kati.

"Wadina ndani?"

Alendo anayang'anana. A Blessmore anayang'ana Anesi, kenaka anavula chipewa n'kutsitsa makwerero.

Pamalopo panalibe nyumba, panalibe sitolo. Panali kanjira kamodzi kokha ka wapansi, kolowera kuseri kwa phiri.

Kwee. Kwee. Kwee.

Udzu wa m'mbali mwa kanjirako unagwedezeka, kunalibe mphepo. Fungo la fodya linatuluka m'galimoto, ndipo silinabwererenso. Anesi anamanga kansalu pa mtengo wa pamphambanopo, anakwera, analira mpaka ku Lilongwe. Anandiuza kuti sanalirepo mokoma chotero chibadwire.

Atapatsidwa tchuthi, anabwerera yekha pa minibasi. Anatsika pa mtengo wa kansalu uja n'kutsata kanjirako. Kuseri kwa phiri anapeza mudzi, ndipo pakhonde la nyumba ina panali mayi wokalamba kwambiri akusenda nyemba. Mphumi ndi makutu zinali za a Laxon zenizeni. Anesi anagwada, anapereka moni, anayamba kufotokoza kuti wachokera ku Zimbabwe, ndi mwana wa munthu amene anachoka kuno kalekale, ndipo wabwera ndi uthenga wa maliro.

Mayiyo sanasiye kusenda nyemba zake.

"Wachedwa ndiwe, mwanawe," anatero. "Achimwene anafika kale, mwezi wotentha uja. Anati ukubwera m'mbuyo."