Mavoti a Kutsidya kwa Njanji

Khumbo Nkhoma anakulira m'banja labwino la Amalawi okhala kunja, ku Ilford. Bambo ake, a Henderson, ankayendetsa basi, ndipo amayi ake, a Peggy, anali namwino. Anali anthu opemphera, osakonda phokoso, ndipo mwana wawo anamuphunzitsa kunena zoona ngakhale zikhale zowawa. Khumbo anali wanzeru, wodziwa kuyankhula. Kutchalitchi kwawo, kumene kunkasonkhana Amalawi ndi Azambia, aliyense amene wavutana ndi mwini nyumba kapena a khansolo ankathamangira kwa iye.

Dera lawo linali wadi ya Hatherby. Umodzi mwa mipando ya ukansala ya wadiyi unali ndi mbiri yodziwika. Kale pankakhala mkulu wina wa ku Ireland wogulitsa nyama, kenako dokotala wachimwenye, ndipo pambuyo pake mayi Effie Gordon, mphunzitsi wochokera ku Jamaica. Malire a wadiyi anali atasunthidwapo kale: poyamba ankatsata kamtsinje, kenako msewu waukulu. Mmalawi anali asanakhalepo kansala kumeneko.

Mayi Effie atakalamba anaitana Khumbo. "Ine ndikupuma," anatero. "Imira iweyo, anthu akukudziwa."

Koma chisankho chisanafike, malire anajambulidwanso. Mzere watsopano unatsata njanji. Nyumba ya a Henderson inatsala mu Hatherby, koma mafulati a kutsidya kwa njanji, kumene kunkakhala anthu ambiri a kutchalitchi, anagwera mu wadi ina. Anthu amene Khumbo ankawadalira sakanathanso kumuvotera.

Apa ndi pomwe panabwera Levy, mnyamata wa ku Lusaka amene ankadzitcha katswiri wa kampeni. Anakumana pasiteshoni.

"Wakwinyira chani nkhope, iwe?" anafunsa Levy. "Njanji ni chitsulo chabe. Munthu avota kwamene kuli adiresi yake. Tiwalembetse kuno, basi."

"Si mlandu umenewo?"

"Mlandu wa chani? Iwo asuntha mzere, ife tisuntha anthu. Anayamba ni ndani?"

Khumbo anaseka, koma mawuwo anamulowa. Madzulo ake anafunsa bambo ake ngati anthu angapo angalembetse kuti amakhala pakhomo pawo.

A Henderson anafunsa, "Azidzagona pano?"

"Ayi, bambo, ndi dzina lokha."

"Ndiye ayi. Nyumba ino ilibe chipinda chogonamo mayina. Ngati mzerewo wakupweteka, pita ukagogode pamakomo a anthu amene akupatsa. Nawonso ndi anthu."

"Amenewo sakundidziwa."

"Akudziwe. Imeneyo ndiyo ntchito yake."

Amayi ake anawonjezera, "Mwanawe, anthu akutsidyawo ambiri mapepala awo okhalira m'dziko muno ndi osalimba. Ukagwa iwe, udzagwera pa iwo."

Khumbo anayesako malangizo a bambo ake. Kugogoda pamakomo kunali kotopetsa, ndipo ena ankamutsekera chitseko asanamalize moni. Njira ya Levy inali yachidule. Levy anapeza nyumba ya mnzake mkati mwa Hatherby, kenako ina, kenako inanso. Khumbo ankadikira mapemphero athe n'kumakokera anthu pambali.

Mmodzi wa iwo anali Sandra, mayi wa ku Zomba amene ankasamalira okalamba ndipo viza yake inkadalira ntchitoyo. Ana ake anawasiya kwa mchemwali wake kumudzi.

"Palibe vuto pamenepa, achemwali?" anafunsa Sandra.

"Palibe. Ndikanakupusitsani ine?"

"Poti mwanena ndinu, chabwino."

Mayi Effie anamva mphekesera. Anaimbira Khumbo foni. "Ine ndinagonjapo ndisanapambane, ndipo sindinafe. Ngati zimene ndikumvazi zili zoona, zisiye lero." Khumbo analumbira kuti ndi mabodza a adani. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyankha foni za mayiwo.

Chisankho chinachitika ndipo Khumbo anapambana ndi mavoti ochepa. Kutchalitchi anamuimbira nthungululu. A Henderson anakhala phee pampando wawo, osawomba m'manja.

Chimwemwe sichinakhalitse. Amene anagonja anadabwa kuti kanyumba ka zipinda ziwiri kangatulutse bwanji ovota odzaza basi. Anakadandaula. Apolisi anapita kukagogoda, ndipo anapezamo mnyamata mmodzi ndi njinga yake. Anthu olembetsedwawo atafunsidwa, onse anatchula Khumbo. Levy anauza apolisi kuti iye ankangogawa zikwangwani za kampeni, ndipo mlandu usanalowe m'khoti anali atachoka m'dzikomo.

Khoti linathetsa zotsatira za chisankho. Pambuyo pake Khumbo anapezeka wolakwa ndipo anapita kundende. Ena mwa anthu amene anawanyengerera anangochenjezedwa, koma Sandra anachotsedwa ntchito, viza yake inatha, ndipo anabwerera ku Zomba chimanjamanja. Pachisankho chobwereza mpando unapita kwa munthu wina. Chipani chimene Khumbo anaimira sichinafunenso kumva za munthu wochokera kutchalitchi kuja, ndipo achinyamata amene ankafuna kudzaimira m'tsogolo anangosiya okha.

Makolo ake anapita kukamuona kundende. Khumbo anali atawonda.

"Bambo, ndinkafuna kuti ifenso tikhale ndi mawu," anatero.

"Tinali nawo," anayankha a Henderson. "Anali ochepa, koma anthu ankawakhulupirira."

"Nanga Sandra?"

Amayi ake ndiwo anayankha. "Ananditumizira uthenga. Sanakutukwane. Anangofunsa ngati unkadziwa."

Khumbo anaweramitsa mutu. "Ndinkadziwa."

"Ndiye ukatuluka udzamuuze wekha. Kulapa kumayambira pamenepo."

Khumbo anatuluka patapita miyezi. Ntchito yabwino sanaipezenso, ndipo tsopano amasanja katundu m'mashelefu musitolo ina ku Wembley. Anamuimbira Sandra foni n'kupepesa. Sandra anamvetsera mpaka kumapeto, anati wamva, n'kudula.

Wachinyamata amene ukuwerenga izi, chenjera. Ukhoza kufuna chinthu chabwino n'kuchifunafuna m'njira yoipa, ndipo tchimo silisanduka chilungamo chifukwa choti wina anayamba kukulakwira. Wokunyengerera amathawa tsiku la mlandu. Otsala kulipira ndi iweyo ndi anthu amene anavomera chifukwa chokukhulupirira.