Giyabokosi Yopanda Klachi

Tsiku limene galimoto yofiira inalowa mu galaja ya amalume ake, Sipanala anali pansi pa lole, girisi mpaka m'makutu. Dzinali anam'patsa ndi amalumewo, poti mtsikanayu umakanika anauphunzira yekha, pongoyang'ana ndi kufunsa mpaka kutopetsa anthu.

Inali galimoto yakale yaliwiro, ya mipando iwiri, yotsika ngati ikununkhiza msewu. Mwini wake, mnyamata wa magalasi akuda, anafunsa kuti, "Makanika ali kuti?"

"Mukuyankhula naye," anatero Sipanala akutuluka pansi pa lole.

"Iweyo?"

"Ngati mukufuna wandevu, pitani kutsogoloku!"

Mnyamatayo anaseka, n'kuvula magalasi aja. "Pepani, mayi. Ndikufuna muchotse giyabokosi ili m'menemu, muikemo iyi ndabweretsayi, yosintha yokha magiya, yopanda klachi. Magalaja atatu andikanira."

"Ndi aulesi amenewo. Siyani makiyi."

Amalume ataiona anagwira pakamwa. "Mwana iwe, giyabokosi iyi ndi ya galimoto ina. Ndi yaitali, ndipo mabowo ake sakugwirizana ndi injini."

"Agwirizana, amalume. Akakana ndiwakakamiza."

Masabata atatu athunthu! Anasema chitsulo cholumikizira injini ndi giyabokosi, chinakhota, anayambiranso. Anadula shafuti yopititsa mphamvu ku matayala kuti ifupike, n'kuwotcherera zogwirizira zatsopano pansi pa galimoto. Chikhadabo chimodzi chinatsalira komweko.

Magalasi, monga anayamba kumutchulira mnyamata uja pa galajapo, ankabwera masana alionse n'kukhala pa tayala.

"Duwa langa, manja akudawa ndi amene andigwira mtima."

"Chokani apa, mukunditchinga kuwala."

Akachoka, foni inkalira ndi mauthenga ake. "Wapamtima, galimotoyi ikangotha, mpando winawo ndi wako mpaka kalekale." Mawa lake: "Ndikubwera kudzaonekera kwa amalume. Ndalumbira."

Sipanala, yemwe ankatukwana aliyense womuimbira likhweru, anayamba kusamba m'manja katatu asanagwire foni. Nanga mtima ndi chitsulo?

Loweruka m'mawa galimoto inali pa jeke, kutangotsala mabawuti anayi. Panafika mtsikana wovala yunifomu ya unamwino, akumwetulira.

"Asisi, ndinu amene mukukonza galimoto yangayi?"

"Yanu?"

"Eya! Bwenzi langa akundipatsa ngati mphatso, ukwati wathu ulipo mwezi wamawa. Ine klachi inandikanika, ndiye anati asinthitsa. Mtima wakana kudikira, ndati ndidzaione."

Sipanala anatembenuka. Analowanso pansi pa galimoto. Masabata atatu akuvutikira mpando wa mkazi wina! Anayang'ana mabawuti anayi aja. Kungowasiya osamanga, giyabokosi idzagwe pakati pa msewu, ndani angadziwe?

Koma wodzayendetsa ndani? Namwinoyu walakwa chiyani?

Misozi ikutsikira m'makutu, anamanga bawuti loyamba, lachiwiri, mpaka onse anayi. Anatuluka, n'kumupatsa namwino foni, osasamba m'manja n'komwe.

"Werengani, asisi. Yambirani pamwamba."

Namwino anawerenga ataimirira, kenako anakhala pa tayala. Ali pomwepo, Magalasi anatulukira akuimba kanyimbo.

"Duwa langa, zatheka?"

"Duwa liti?" anafunsa namwino, maso ali psuu. "Tilipo awiri pano."

Magalasi anayang'ana uku ndi uku, pakamwa pali yasa. "Ayi, tamverani, ndifotokoze bwinobwino..."

"Mukafotokozere amayi anu," anatero namwino, akuvula mphete n'kuiika pa boneti.

Sipanala anatsitsa jeke, analiza injini, n'kuzungulira bwalo la galaja kamodzi. Magiya ankalowa okha, mwakachetechete, osagunda ngakhale pang'ono. Amalume anaomba m'manja ali pakhomo.

Sipanala anatsika, n'kumuponyera Magalasi makiyi pachifuwa.

"Galimoto yanu ilibe vuto, abwana. Vuto lili ndi mwini wake, ndipo zimenezo kuno sitikonza. Tulutsani, mukutchinga lole!"